Mbale Ziwiri za Malume: Za Nyimbo za Gulu la Ngozi Family

Tsiku lina madzulo mu Novembala 2024 ndinakhala pakhonde kwathu ku Chikanda, ndikupitidwa kamphepo kotsika kuchokera kuphiri la Zomba. M'chipinda, mwana wanga wachisamba amamvera nyimbo pafoni. Inali nyimbo ya achinyamata a masiku ano, ya Chingerezi chothamanga chija chimene ife makolo timangochimva ngati mvula padenga la malata. Sindinaiike kumtima kufikira pamene pakati pake panatulukira mawu a munthu akuyimba m'Chinyanja, kumbuyo kwake gitala ikulira mosasa. Ndinangozindikira ndaima pakhomo la chipindacho.

"Iwe, nyimbo imeneyo waitenga kuti?"

"Ndi ya Tyler, the Creator, bambo. Ndi wa ku America. Yatuluka mwezi watha womwewu."

"Wa ku America ameneyo Chinyanja anachiphunzira kuti? Amene akuyimbayo ndi Paul Ngozi, ndipo mbale yake ili m'sutikesi pansi pa bedi la amayi ako."

Mnyamatayo anaseka poganiza kuti ndi nthabwala za akuluakulu. Ndinakatulutsa mbaleyo, chikuto chake chitadyedwa ndi mphemvu m'mbali, n'kumuonetsa dzina la nyimboyo ndi chala. Anakhala chete kanthawi, kenaka anafunsa kuti, "Nanga bwanji simunandiuzepo?" Funso limeneli ndi limene landilembetsa nkhani ino, pakuti yankho lake ndinalibe.

Mbale zimenezi ndi ziwiri, "Day of Judgement" ya 1976 ndi "45,000 Volts" ya 1977, ndipo zinali za malume anga. Iwo, monga Amalawi ambiri a nthawi yawo, anakagwira ntchito ku Zambia ali mnyamata, ndipo anabwerera kumudzi mu 1987 chuma cha dzikolo chitalowa pansi. Sanabwere ndi zambiri: njinga, sutikesi, galamafoni ndi mulu wa mbale. Ankakonda kusimba kuti asanafike pachipata cha Mwami anayamba ameta tsitsi lawo lalitali ndi kuvula thalauzi lotambalala kumiyendo, popeza kuno kwathu malamulo a kavalidwe a m'zaka za m'ma 1970 anali adakali ndi mano. Koma mbale anadutsa nazo. Anapeza kanyumba ka lendi ku Chikanda komwe kuno, kopanda magetsi, choncho galamafoni ija ankailiza ndi batire la galimoto. Mpaka lero ndimaseka ndikakumbukira kuti mbale yodzitama ndi mphamvu ya mavoti 45,000 inkalira ndi batire la mavoti 12, ife tikuimvera pakuwala kwa koloboyi.

Kuti timvetse nyimbozi tiyenera kudziwa kaye kumene zinachokera. Paul Ngozi, dzina lake lenileni Paul Dobson Nyirongo, anabadwa mu 1949 ndipo anakulira m'makomboni a mu Lusaka. Dzina lakuti Ngozi linali la pabwalo la zoyimba, ndipo linamuyenera, chifukwa amene anamuona amati ankatha kuliza gitala ndi mano monga ankachitira Jimi Hendrix. Ng'oma m'gulu lake ankaimba Chrissy Zebby Tembo, ndipo mmodzi mwa oyimba besi anali Tommy Mwale. Tamvani mayinawo: Nyirongo, Tembo, Mwale. Mukawaitana pamsika wa Zomba kapena wa Kasungu, anthu angapo atembenuka. Malire amene anadulidwa ndi atsamunda sanadule mayina kapena chiyankhulo.

Gululi linali limodzi mwa magulu amene mayimbidwe awo amatchedwa Zamrock, pamodzi ndi WITCH ya Emmanuel "Jagari" Chanda, Amanaz ndi Musi-O-Tunya. Anyamatawa anakula akumvera Hendrix, Black Sabbath, Deep Purple ndi James Brown, ndipo anatenga phokoso la magitala a magetsi n'kulithira m'mphika wakwawo. Boma nalo linawathandiza. Pakati pa zaka za m'ma 1970, Pulezidenti Kenneth Kaunda, amene iye mwini ankaimba gitala ndiponso bambo ake anachokera kuno ku Nyasaland, analamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse zoulutsidwa pawailesi zikhale za m'dzikomo. Mwadzidzidzi wailesi inafuna nyimbo zambiri kuposa zimene zinalipo, ndipo makampani monga Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo anayamba kusakasaka oyimba. Kuno kwathu m'zaka zomwezo tinali ndi wailesi imodzi yokha ya MBC ndi bungwe lounika zofalitsa lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1968. Tinali ndi akatswiri athu, a Daniel Kachamba, a Allan Namoko ndi ena, koma mnyamata wa tsitsi lowirira woluma gitala pamaso pa anthu sakanapita patali.

Nyimbo yoyamba imene inandigwira ndili mwana ndi "Day of Judgement". Chingerezi sindinkachimva, koma mantha ndinkawamva. Gitala ya Paul m'nyimboyi siyimba mokoma monga tinazolowera m'nyimbo za Alleluya Band zimene zinkatilera masiku amenewo. Imalira mokhakhala, ngati mavu otsekeredwa m'chitini. Malume anandifotokozera kuti oyimba amaponda kabokosi kena kamene kamaphwanya dala mawu a gitala, ndipo ine ndinadabwa kuti munthu angagule chipangizo choti chiwononge mawu. Ndinamvetsa nditakula. Nyimboyi ikunena za tsiku lachiweruzo, pamene ochimwa ndi olungama adzalekanitsidwe. Uthenga wotere timaumva kawirikawiri m'makwaya, koma makwaya amauyimba mokoma kwambiri mwakuti munthu amatuluka m'tchalitchi atasangalala ndi chiweruzo. Paul anaona kuti nkhani yoopsa imafuna mawu oopsa. Kagulu ka zingwe zochepa kamangobwerezabwereza, ng'oma ikusinja pansi ngati musi mumtondo, ndipo womvera sapatsidwa mpata wopumira. Mayi anga, amene anali a chigwirizano cha amayi kumpingo, ankati ndi nyimbo za ziwanda. Malume ankawayankha kuti, "Achemwali, ulaliki ndi womwewo, kungoti abusa awa abwera ndi chikwapu."

Yachiwiri ndi "Nizakupanga Ngozi", yomwe ija inandidzutsa pakhonde. Mwa nyimbo zonse za gululi, iyi ndi imene ndimaiona kuti ndi yokhwima koposa. Nkhani yake ndi yaing'ono kwambiri. Mwini nyumba akuchenjeza mlendo kuti akamabwera pakhomo pake azibwera mwaulemu, asabwere ndi zoyankhulayankhula, pakuti pakamwa pochuluka ndi pamene pamabadwira miseche. Palibe za ndale, palibe za chikondi, palibe za kumwamba. Koma aliyense amene anakhalapo m'nyumba za lendi zoyang'anizana makomo akudziwa kuti nkhaniyi si yaing'ono. Kuno ku Chikanda nyumba zinathithikana mwakuti ukakazinga usipa anansi anayi amadziwa ndiwo zako. Mawu amene wanena m'mawa pampope amakupeza madzulo atavala jekete. Ndaona mabanja akutha, ndaona anthu akusamuka usiku, osati chifukwa cha njala kapena ngongole, koma chifukwa cha lilime la munthu amene analandiridwa bwino n'kupatsidwa mpando.

Luso la nyimboyi lili pa kusiyana kwa mawu ndi zoyimbira. Pamwambo wathu mlendo sathamangitsidwa, ndipo akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Motero woyimbayo akuyamba ngati munthu wodziwa mwambo, wolangiza mofatsa. Koma gitala kumbuyo kwake ikunena zina. Ikulira ngati galu womangidwa amene chingwe chake chatsala pang'ono kuduka. Zimene pakamwa pakubisa chifukwa cha ulemu, zingwe zikuulula. Ndiponso taonani kusewera kwa mawu m'dzina la nyimboyo: ngozi ndi tsoka limene wamiseche akulonjezedwa, komanso Ngozi ndi dzina la amene akulonjezayo. Munthuyo akuopseza ndi dzina lake lomwe. Sindidabwa kuti Tyler, pofuna kuyimba za mantha a munthu wotchuka amene akuona ngati aliyense akumusuzumira pawindo, anakatenga nyimbo imeneyi n'kuiika mu "Noid", imene ili m'chimbale chake cha "Chromakopia" cha mu Okutobala 2024. Nkhawa ya munthu wa m'komboni ya Lusaka mu 1977 ndi nkhawa ya munthu wolemera wa ku Los Angeles zinapezeka kuti ndi mtundu umodzi.

Pano ndiyenera kunenapo za chiyankhulo, popeza nkhani ino ikupita kwa okonda Chichewa. Ife amene tinaphunzira m'masukulu a nthawi ya Chichewa Board, imene inakhazikitsidwa mu 1972, tinaphunzitsidwa kuti pali Chichewa cholondola ndi Chichewa chopotoka. Mphunzitsi wanga wa ku pulayimale akanaona dzina la nyimboyi pabolodi akanalikonza ndi choko chofiira kuti likhale "ndidzakupanga", ndipo mwinanso akanafunsa ngati munthu amapangidwa ngozi. Chinyanja cha mu Lusaka chimadula mawu, chimabwereka ku Chibemba, ku Chinsenga ndi ku Chingerezi mopanda manyazi. Kwa zaka zambiri ndinkachiona ngati Chichewa chodwala. Lero ndasintha maganizo. Tayesani kuyimba dzina la nyimboyo m'Chichewa cha m'kalasi mumve m'mene likulemerera pakamwa. Mawu odulidwa aja ndi amene akukwanira pa kugunda kwa ng'oma ya Tembo. Ndi chiyankhulo cha anthu amene anasonkhana m'tauni kuchokera kumitundu yosiyanasiyana ndipo analibe nthawi yotafuna mawu. Alembi athu ambiri timalemba Chichewa chochapidwa ndi kusitidwa, chimene palibe amene amachiyankhula pa depoti ya minibasi. Paul Ngozi akutikumbutsa kuti chiyankhulo chimakhalanso ndi moyo chikavala zovala zogwirira ntchito.

M'mbale yomweyo ya "45,000 Volts" muli nyimbo yomvera chisoni abale a ku Zimbabwe. Tikumbukire kuti mu 1977 dzikolo linali likadali Rhodesia ya Ian Smith, ndipo ufulu unadza mu 1980. Zambia inasunga omenyera ufulu ndipo inalipira mtengo wake: malire ake ndi Rhodesia anatsekedwa mu 1973, ndipo pambuyo pake ndege za adani zinkaponya mabomba m'dzikomo. Gulu loyimba nyimbo zovina m'mabala linaona kuti nkhaniyi ndi yakenso, ndipo linatchula dzikolo ndi dzina limene eni ake ankalifuna, lisanalembedwe pamapu. Malume ankatsitsa mawu a galamafoni ikafika nyimbo imeneyi. Ndili mwana ndinkaganiza kuti batire latha. Ndinazindikira mochedwa kuti m'Malawi wa 1987 munthu wobwera kuchokera ku Zambia ankayenera kusamala ndi zimene anansi akumva kudzera pazenera.

Nyimbo ina imene ndimaikonda sinali m'mulu wa malume. Ndinaipeza pa intaneti ndili kale bambo wa ana. Ndi "In the Ghetto", ya m'chimbale cha "The Ghetto" chimene chinatuluka m'dzina la Paul Ngozi mwini. Muno gitala yafatsa, ndipo woyimbayo akuyenda m'komboni n'kumanena zimene maso ake akuona, makamaka makolo amene alowerera m'mowa ana ali ndi njala. Chimene chimandikhudza n'chakuti sakuyimba ngati mlendo wodzaona umphawi ndi kamera. Akuyimba ngati mwana wa pamalopo, wokwiya chifukwa chokonda. Ndikaimvera ndimaona tinjira ta Chikanda nthawi ya dzinja, matope ofika m'akakolo, ophunzira a ku yunivesite akudumpha zithaphwi ndi mabuku m'manja, ndi ana amene sadzalowa konse pachipata cha yunivesiteyo ngakhale anabadwira pamphuno pake. Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973, ndipo kuyambira pamenepo maphunziro apamwamba ndi umphawi akhala akugona moyandikana ngati anthu a lendi osalonjerana.

Tsono ndifike pa nyimbo imene ili pamtima penipeni, "Kumanda kwa Bambo Wanga", ya m'mbale ya "Day of Judgement". Khutu la Mmalawi limayamba lakhumudwa ndi dzinalo. Ife timati "bambo anga". Kunena kuti "bambo wanga" kumamveka ngati mwana wosaleredwa bwino. Koma ndaganizira kwa nthawi yaitali ndipo ndaona kuti ulemu wathu wochulukitsa uja nthawi zina umaika mtunda pakati pa mwana ndi kholo. "Bambo anga" ndi munthu amene umamugwadira polankhula naye. "Bambo wanga" ndi munthu mmodzi yekha, wako, amene akapita palibe wina. Kumanda ulemu umachepa mphamvu, chimene chimatsala ndi umwini wa chisoni.

Agogo anga aamuna anamwalira mu 1978 malume ali ku Lusaka. Kalata ya uthenga wa maliro inawapeza patapita milungu itatu, anthu atamwazikana kale pasiwa. Sanaponye dothi m'manda a bambo awo, ndipo atabwerera patapita zaka zisanu ndi zinayi anapeza mtumbira utaphwa, msuweni wawo akuchita kuloza mokayikira kuti mwina ndi apa. Sindinawaonepo malume akulira pamaliro a munthu aliyense. Koma Loweruka lina madzulo, atamwa pang'ono, ankaika singano pa nyimbo imeneyi, n'kukweza mawu mpaka kabokosi ka galamafoni kunjenjemera, iwo atakhala pampando wa ndalema maso ali kudenga. Ikatha ankaibwezera. Tikafuna kulowa, azakhali ankatigwira pamkono n'kunena kuti, "Asiyeni, ali kumanda."

Apa ndi pamene ndinaphunzira chimene nyimbo za mtundu uwu zimatha kuchita chimene nyimbo zofatsa sizingathe. Nyimbo zathu za maliro ndi za gulu. Zimafuna anthu ambiri, wotsogolera ndi ovomera, ndipo zimatonthoza chifukwa chisoni chimagawidwa. Koma munthu amene anachedwa pamaliro alibe gulu. Anzake analira kale, anameta kale, anaiwala. Chisoni chake chasanduka cha yekha, ndipo chasakanikirana ndi mkwiyo ndi manyazi. Munthu wotere safuna nyimbo yomusisita pamsana. Amafuna phokoso lalikulu kuposa limene lili m'mutu mwake. Gitala yosasa ija inkawalirira malume kulira kumene mwambo sukanawalola mwamuna wamkulu kulira patapita zaka khumi.

Ndisanamizire kuti zonse za gululi ndi zangwiro. Wokonda chinthu ayenera kukhala woyamba kuona zilema zake. Nyimbo zawo zingapo za Chingerezi, makamaka zachikondi, zili ndi mawu osauka, obwerezabwereza, ongofuna kudzaza mpata pakati pa kulira kwa gitala. "Hi Babe" ndimaivina, koma sindingaiike patebulo ngati ndakatulo. Kajambulidwe nakonso n'kokhakhala: pena ng'oma imamveka ngati katoni, pena mawu a woyimba amamira. Ndiponso Paul sanali ndi mawu okoma monga a oyimba ena a nthawi yake. Koma ndaona kuti akamayimba m'Chinyanja zilema zimenezi zimachepa, chifukwa amadziwa kulemera kwa liwu lililonse. M'Chingerezi ankabwereka malaya a Hendrix. M'Chinyanja ankavala ake.

Nyengo ya Zamrock sinakhalitse. Mtengo wa kopa, amene chuma cha Zambia chinatsamirapo, unagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, ndipo anthu analibenso ndalama zogulira mbale. Malamulo oletsa kuyenda usiku m'nthawi ya nkhondo ya Rhodesia anapha madansi. Kenaka kunabwera disiko ndi kalindula, ndipo m'zaka za m'ma 1980 matenda a Edzi anakolola oyimba ambiri a m'badwo umenewo. Paul Ngozi anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40 zokha. Paja amati ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika. Ine amene ndinkamuona ngati chimphona pachikuto cha mbale, lero ndamupitirira zaka.

Malume anatisiya mu 1997. Pogawa katundu wawo anthu analimbirana njinga ndi malata, koma mbale palibe anazifuna. Ana anazitenga n'kumaziponya m'mwamba ngati zoseweretsa, ina inasanduka chivundikiro cha ndowa. Ndinapulumutsa ziwiri zokha. Patapita zaka, kampani ya ku America ya Now-Again Records inayamba kufunafuna nyimbo za Zamrock n'kuzitulutsanso, ndipo Jagari Chanda, atakalamba, anabwerera pabwalo ndi WITCH n'kutulutsa chimbale chatsopano cha "Zango" mu 2023. Izi n'zokondweretsa, koma zili ndi mbola yake. Zinatengera anthu a kutsidya kwa nyanja kuti atiuze kuti chimene tinkavundikira nacho ndowa chinali chuma.

Ndiye ndibwerere ku funso la mwana wanga. Bwanji sindinamuuzepo? Ndikuganiza kuti ndinkaona nyimbozi ngati za ine ndekha, zomangirizika ku kanyumba kopanda magetsi ndi kwa munthu amene iye sanamuone. Ndinkaganizanso kuti mwana wa foni sangamve kukoma kwa mbale yokalakala. Ndinalakwa pawiri. Ndipo ndikudzifunsa kuti ndi masutikesi angati m'Zomba muno, m'Ndirande, m'Chileka, amene akusunga makaseti a Robert Fumulani, a Kalimba kapena a Evison Matafale pansi pa bedi, eni ake akudikira kuti mlendo adzawauze mtengo wake.

Galamafoni ya malume inafa kalekale, choncho usiku umenewo tinamvera nyimbozo pafoni yomweyo, mbale zili patebulo ngati mboni. Titafika pa "Kumanda kwa Bambo Wanga" ndinamusimbira za kalata yochedwa ija, ndi za azakhali otigwira pamkono. Anamvetsera osadula mawu. Itatha anafunsa ngati ndikudziwa pamene pali manda a malumewo. Ndinati ndikudziwa. Tinapangana kuti mvula ikatha tidzapite ndi makasu tikalambule, ndipo iye anati adzatenga foni.